Musanapite kupolisi, pezani umboni wa zaka za mwanayo

Mayi, mwalemba kuchokera ku Nkhotakota kuti mwana wa mng'ono wanu, wa zaka 15, wakwatiwa ndi msodzi wa ku Chia mlongo wanu atavomereza monga malume, ndipo mukudabwa kuti zikutheka bwanji pamene pawailesi mumamva kuti mayiko anagwirizana kuthetsa maukwati a ana.

Mapanganowo alipodi. Pangano la Maputo la 2003, la mayiko a mu Africa lokhudza ufulu wa amayi, limati ukwati uyambire zaka 18, ndipo mayiko a United Nations analonjeza kuthetsa mchitidwewu pofika 2030. Mapangano otere anathandiza kuti Malawi akhazikitse lamulo la maukwati la 2015, ndiponso kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo ichotse m'malamulo aakulu a dziko ndime imene inkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Koma mlandu wanu udzaweruzidwa ndi majisitireti kwanu komweko, ndipo iye adzafuna umboni wa zaka za mwanayo.

Apa m'pamene ndaona milandu yambiri ikuthera. Mwana akakhala wopanda chiphaso cha kubadwa, khoti limadalira kwambiri mawu a mayi ake. Tsono ngati mayiyo analandira nawo ndalama za mkamwini, adzaima pamaso pa khoti n'kunena mosaphethira kuti mwana wawo anakwanitsa zaka 18, malume n'kuvomereza, ndipo kadi la kusikelo limene dzulo linali m'sutikesi mudzamva kuti linadyedwa ndi chiswe. Achipatala akayeza amangopereka zaka zoyerekeza, zimene loya wa woimbidwa mlandu sangavutike kuzitsutsa. Choncho musanauze wachibale aliyense maganizo anu, pezani kadi limenelo, buku lake la kuchipatala, kalata ya ubatizo ngati ilipo, ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu yochokera m'kaundula wa sukulu. Zijambuleni pa foni, ndipo muonetsetse kuti masiku akugwirizana, chifukwa ena amalemba chaka chongoganizira mwana akamayamba Sitandade 1.

Sindingakulonjezeni kuti wina adzamangidwa. Lamulo loteteza ana la 2010 limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja, ndipo kugona ndi mwana wa zaka 15 ndi mlandu ngakhale iye atavomera, koma zambiri zidzadalira zimene mtsikanayo adzanene m'khoti achibale akumuyang'ana.

Kadandauleni ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mulembe dzina la wapolisi ndi nambala ya mlandu. Wina akakuuzani kuti mukakambirane kumudzi, monga ena amachitira akafuna kudzichepetsera ntchito, musalole. Pitani ku ofesi ya Social Welfare paboma kapena imbani 116, nambala yothandiza ana. Amfumu angathe kuthetsa banjalo n'kulipitsa mbuzi, koma chindapusa cha kubwalo sichifafaniza mlandu wa kupolisi. Mtsikanayo aonedwe kuchipatala msanga, ndipo ngati ali ndi pakati, ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka.