Achemwali, makina a espresso aziyamba adikira

Achemwali, mwafunsa komwe mungakaone anthu akukazinga khofi wabwino mutachokera ku Moatize, makina oti mugule a espresso (khofi wamphamvu wopangidwa pokankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa mu khofi wogaya), ndiponso kapangidwe ka thovu la mkaka. Za mkakazo akuyankhani ena, ine ndimamwa wakuda. Koma pa zinazo ndimvereni musanatulutse ndalama, chifukwa anzathu ena pano angokuuzani kuti gulani makina akutiakuti, osakufunsani n'komwe kuti muzithiramo khofi wanji. Wina mpaka watchula Ricoffy, chikhalirecho uja ndi wosungunula m'madzi, wosakaniza ndi chicory, ndipo m'makina salowa.

Ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa nkhaniyi imandipwetekabe mtima. Alamu anga a ku Matundo anagula makina m'sitolo ina mumzinda wa Tete, pamtengo wa mameticais pafupifupi 9,000. Pabokosi panalembedwa 20 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankhira madzi) ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo wogulitsa ankaloza pomwepo kuti amenewa ndi amphamvu kuposa onse. Espresso imafuna 9 bar basi, manambala enawo ndi okopera ogula. Sipanapite miyezi yambiri, kamphira kozungulira kamene kamatseka pomwe mumamangirira chogwirira chothiramo khofi kanang'aluka, madzi otentha n'kumatulukira m'mbali mpaka kuwotcha zala. Atabwerera kusitoloko anawauza kuti iwo amangogulitsa, zipangizo zosinthira sasunga. Amisiri a mawailesi ndi mafiriji anayesa kudula mphira wina, koma sunapirire kutentha. Makinawo mpaka lero ali pamwamba pa kabati, atakutidwa ndi nsalu. Chondinyansa kwambiri n'chakuti sitolo yomweyo inawagulitsanso khofi wogayagaya kale, wopanda tsiku lokazingira, wongolembedwa tsiku lothera ntchito la zaka ziwiri kutsogolo. Ngakhale masiku amene makina ankagwira, chomwe chinkatuluka chinali madzi akuda owawa, fungo lake la katoni. Ndiye mukalowa m'sitolo iliyonse, funso loyamba likhale lakuti kamphira kameneka kakatha ndikakapeza kuti. Akayamba kukanda m'mutu, tulukani.

Za kokaona okazinga, kwa ife a kuno ku Mozambique njira yachidule ndi kuwoloka malire kulowa m'Malawi. Inu a ku Moatize mukwere chapa (minibasi) ya ku Zóbue, mulowere pa Mwanza mpaka Blantyre. Mukakhala ndi tsiku lina lapadera pitirirani ku Thyolo, kuli esiteti ya Satemwa imene inayamba mu 1923, amalima tiyi ndi khofi ndipo amalandira alendo. Ife a ku Ulongwe, m'boma la Angónia, timadzera pa Calómue, kutulukira Dedza, n'kulunjika Lilongwe. Kumeneko kuli kanyumba kokazingira khofi komwe ine ndimagula, nambala yawo ndikupatsani kumbali. Muyambe mwaimba foni kufunsa tsiku limene amakazinga, chifukwa sakazinga tsiku lililonse, ndipo mukafika tsiku lolakwika mungoona matumba ndi makina ozizira.

Mukapeza akukazinga, imani pafupi ndipo mphuno igwire ntchito. Njere zaziwisi zimakhala zobiriwira motuwa, zolimba, fungo lake la udzu wouma. Akazithira mu mgolo wozungulira uja zimayamba kusanduka zachikasu, kenako zofiirira, ndipo wokazinga amasolola kasupuni kakatali m'mbali mwa makina, kuyang'ana, kununkhiza, kubweza. Kutentha kukayandikira madigiri 200 mumva kuthetheka ngati mbuliwuli mu chiwaya. Apo m'pamene pagona luso lonse, chifukwa mphindi imodzi kapena ziwiri pambuyo pa kuthethekako ndi zimene zimasiyanitsa khofi wowawasa, wokoma ndi wopserera. Ntchito yonse imatenga mphindi 10 mpaka 15, kenako amakhuthulira m'beseni lalikulu lokhala ndi zopalasira kuti zizizire msanga. Njere zimapepuka ndi magalamu pafupifupi 150 pa kilogalamu iliyonse, n'chifukwa chake wokazinga amakwera mtengo kuposa wamuwisi.

Auzeni poyera kuti mukufuna wa espresso, akupatseni wokazinga mwapakatikati kapena wodera pang'ono. Wakuda bii wonyezimira mafuta mukane. Kuno kotentha mafutawo sachedwa kununkha chiuwisi, ndipo amamata chigayo. Mufunsenso kuti khofiyo wachokera kuti. Wokazinga wodziwa ntchito yake akuuzani phiri lake, kaya ndi wa ku Misuku m'boma la Chitipa, kaya wa alimi a Mzuzu Coffee, kaya wa ku Thyolo. Amene angoti ndi khofi wabwino wa mtundu wa arabica, osatchula kwawo, ameneyo wagula zosakaniza. Wathu wa m'dziko muno ulipo, wa ku phiri la Gorongosa ku Sofala, wolimidwa pamthunzi wa mitengo yachilengedwe, ndipo ndi wabwino ukakhala watsopano. Wa ku chilumba cha Ibo ndi mtundu wina, njere zake zing'onozing'ono, caffeine wake wochepa, ndipo kakomedwe kake ndi kachilendo. Mudzaulawe, koma musaphunzirirepo espresso.

Mtengo umasinthasintha malinga ndi kwacha, koma paketi ya magalamu 250 werengerani mameticais 400 mpaka 800. Gulani njere zosagaya, ndipo papaketi pakhale tsiku lokazingira. Musathamangire kupanga tsiku lomwelo. Khofi wongochoka pamoto amakhala ndi mpweya wambiri, amatuluka mothovoka komanso mowawasa. Mumusiye sabata imodzi, kenako mumumalize mwezi usanathe kapena kupitirira pang'ono.

Apa m'pamene anthu a kuchigwa mumavutika kuposa ife a ku Angónia. Mu Okutobala ndi Novembala ku Tete ndi ku Moatize kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo paketi yosiyidwa pawindo la kukhitchini imasuluka fungo m'masiku ochepa. Mukabwera ndi wambiri, mugawe m'timabotolo totseka bwino, ta sabata imodzi imodzi, muike mu firiza. Kabotolo kamene mwatulutsa musakatsekule mpaka katasiya kuzizira, apo ayi chinyezi chilowa m'njere, ndipo musakabwezerenso. Mu firiji wamba momwe muli ndiwo ndi anyezi musaikemo, khofi amakoka fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho.

Ndalama zimene mwasungira makina ziyambe zapita ku chigayo. Osati chija cha timipeni tiwiri tozungulira chimene ena amagayira tsabola, chimenecho chimadula mosiyanasiyana, pena fumbi pena zibenthu, ndiye madzi amathamangira pomwe pali mpata. Mufune chigayo chamanja cha mano achitsulo, chokhala ndi posinthira kusalala. Chabwino chimayambira mameticais 3,000 kupita m'mwamba, ndipo nthawi zambiri mpofunika kutuma munthu wochokera ku Maputo kapena ku Johannesburg. Mugulenso kasikelo kowerenga magalamu, n'kotchipa.

Mukatero yambani ndi cafeteira, ketulo yophikira khofi ya ku Italy ija yamakona, imene Bialetti anaitulutsa mu 1933. Ndinene chilungamo, si espresso yeniyeni, mphamvu yake ndi 1 kapena 2 bar. Koma khofi wake ndi wolemera, imagwira pa gasi ngakhale pa mbaula ya makala, ndipo mtengo wake ndi mameticais cha m'ma 1,000 mpaka 2,000. Thirani madzi otentha kale kumunsi, alekeze pansi pa kavavu. Dzazani kasefa ndi khofi wogaya mokhakhala pang'ono kuposa wa makina, musalaze ndi chala koma musatsindire. Moto ukhale wochepa, ndipo ikangoyamba kulira kuti khororo ichotseni, chifukwa zotsalazo ndi zowawa zokhazokha.

Ngati mtima uli pa makinabe, muyeso woyambira ndi uwu: magalamu 18 a khofi atulutse magalamu 36 m'kapu, pa masekondi 25 mpaka 30, madzi ali pa madigiri 92 kapena 94. Akatuluka mothamanga n'kumawawasa, gayani mosalala kwambiri. Akamadontha movutikira n'kumawawa kukhosi, khakhalitsani pang'ono. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Muonenso kasefa kamene makinawo abwera nako. Otchipa ambiri amabwera ndi kokhala ndi kabowo kamodzi pansi, kamene kamapanga thovu ngakhale khofi ali wakalekale, ndiye munthu umasangalala ndi thovu osadziwa kuti ukumwa zoguga.

Madzi ndi magetsi ndi zimene zimapha makina kuno. Suzumirani pansi pa ketulo yanu. Ngati pamatirira zoyerayera, dziwani kuti zomwezo zikatseka timapaipi ta m'makina, makamaka ngati mumamwa a pamjigo. Gwiritsani ntchito madzi osefa kapena a m'botolo, ndipo muzitsuka m'katimo ndi citric acid pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Makina ambiri amakoka mawati 1,200 mpaka 1,500, ndiye musawasiye oyaka tsiku lonse, mayuniti a magetsi a Credelec angakuthereni msanga. Mukamaliza zulani pakhoma, chifukwa magetsi akazima n'kubwera mwadzidzidzi amawotcha zam'kati. Makina a timakapisozi ta khofi wotsekeredwa kale, amene ena amawayamikira, ndi osavuta ndithu, koma timakapisozito tikasowa m'masitolo mungokhala chowayang'ana, ndipo khofi amene mukagule kwa okazinga simungamuikemo mosavuta.

Pobwerera kuchokera ku Malawi sungani lisiti pafupi, a pamalire angafunse. Mapaketiwo muwaike m'chikwama chanu cha pamiyendo. Musalole kondakitala awaponye kumbuyo kwa chapa limodzi ndi matumba a usipa ndi zigubu za petulo, kapena kuwamangirira padenga dzuwa la pa msewu wa Zóbue likuswa mtengo.