Madamu, BBS isiyeni, koma tengani kayendetsedwe kake

Madamu, funso lanu ndaliona. Mwati gulu la WhatsApp la aphunzitsi a masamu ndi sayansi m'kilasita yanu ladzaza ndi mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi malonda a zitenje, moti sikimu imene mnzanu anatumiza teremu yatha simukuipezanso. Mwatinso wina wakuuzani za BBS, njira imene aphunzitsi ankakambirana pakompyuta intaneti isanafale, ndiye mukufunsa ngati n'kwanzeru kuikhazikitsa. Ine ndikuti makinawo asiyeni, koma mmene anthu aja ankayendetsera zokambirana ndi zimene gulu lanu likusowa.

Poyamba tidziwe chinthucho. BBS yoyamba anaipanga Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago mu 1978. Inali kompyuta imodzi yolumikizidwa ku lamya kudzera pa modemu, kachipangizo kotumiza mauthenga a kompyuta pa waya wa lamya. Munthu ankaimba ndi kompyuta yake, n'kuwerenga zimene ena asiya, n'kulemba zake, n'kudula kuti wina alowe, chifukwa pa lamya imodzi ankalowa mmodzimmodzi. Mu 1984 Tom Jennings anayambitsa FidoNet, imene inachititsa kuti makompyuta oterewa aziimbirana okha usiku, nthawi imene lamya inali yotchipa, n'kupatsirana mauthenga onse a tsikulo pakamodzi, ngati thumba la makalata limene basi imatula pa positi ofesi n'kunyamula lina. Uthenga unkatha kutenga tsiku kapena masiku angapo kuti ufike kutali, koma unkafika, ndipo palibe amene ankafunika kukhala pa laini tsiku lonse.

Pa njira imeneyi ndi pamene panabadwira K12Net, netiweki ya ma BBS a m'masukulu, mu 1990. Anaiyambitsa ndi Jack Crawford wa ku New York ndi Janet Murray, yemwe ankayang'anira laibulale pa sekondale ina ku Portland, Oregon. Sukulu inkangofunika kompyuta yakale, modemu ndi lamya, basi aphunzitsi ndi ana alowa m'zokambirana ndi anzawo a m'maiko ena. Kuno kwathunso makalata a pakompyuta anayamba kuyenda chonchi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Chancellor College ku Zomba kunali FidoNet imene ankaiyendetsa Dr Paulos Nyirenda, ndipo ku University of Zambia nakonso makalata ankadutsa pa FidoNet mpaka pamene kampani ya ZAMNET inabweretsa intaneti yonse mu 1994.

Tsono bwanji ndikukuletsani? Mapulogalamu ake alipobe, monga Synchronet ndi Mystic, ndipo FidoNet ikadalipo, kungoti masiku ano imadutsa pa intaneti ndipo otsalamo ambiri ndi okonda zamakedzana. Koma lamya ya waya mukaipeza kuti pa CDSS ya kumudzi? Anzanu ali ndi mafoni, ena ang'onoang'ono, ndipo BBS inapangidwira kiyibodi ndi sikirini ya zilembo zokhazokha. Mudzatha teremu yonse mukuphunzitsa anthu kalowedwe, za masamu osakambidwa n'komwe.

Chimene chinapangitsa K12Net kukhala yothandiza ndi chakuti nkhani iliyonse inali ndi chipinda chake. Masamu kwaokha, sayansi kwaokha, zinenero monga Chifalansa ndi Chijeremani kwaokha. Macheza wamba sanawaletse, anangowapatsa malo awo: aphunzitsi anali ndi pochezera pawo, ana a pulayimale pawo, a sekondale pawo. Apa ndiye pagona nkhani yanu. Zamaliro ndi mavesi musazithamangitse, anthu adzakudani pachabe, ndiponso maliro a mnzathu si nkhani yoti munthu angaitche phokoso. Zisiyeni pa WhatsApp pomwepo, nkhani za ntchito zisamukire kwina kumene funso lililonse lili ndi mutu wake ndipo mayankho amakhala pansi pa mutuwo. Mphunzitsi amene adzabwere chaka chamawa kuchokera ku koleji adzapeze zimene munagwirizana pa kaphunzitsidwe ka ma vector mu Fomu 4 osavutitsa munthu.

Panalinso nzeru ina imene ine ndimaikonda kuposa zonse. K12Net inali ndi zipinda zingapo zobwereketsa. Mphunzitsi akakhala ndi ntchito yoti ana a sukulu zosiyanasiyana achitire pamodzi, ankapempha chipinda, ankapatsidwa kwa nthawi yoikika, nthawi ikatha chipinda chija n'kupita kwa wina. Chitani chomwecho. Mukafuna kukonza mayeso a moko a kilasita, tsegulani mutu umodzi, nenani tsiku lotsekera, likafika tsekani n'kusunga pepala lomaliza pamalo odziwika. Zokambirana zopanda tsiku lothera zimangofota, anthu n'kumaona ngati gulu lafa.

Chipinda chilichonse chinalinso ndi wochiyang'anira, munthu wodziwika ndi dzina amene ankabweza nkhani ikasokera. Musamusankhe poona udindo. Ahedi kapena mkulu wa dipatimenti akakhala ndiwo oyang'anira, mphunzitsi wachinyamata sadzayerekeza kulemba kuti mutu wakutiwakuti sakuumvetsa, pamene funso limenelo ndi limene mukutsegulira malowa. Pezani mnzanu wofatsa amene amayankha mauthenga, ndipo muzisinthana pa teremu. Malamulo asachuluke. A FidoNet anali ndi chikalata chachitali cha malamulo, koma pa khalidwe anamanga pa mfundo ziwiri: usakwiyitse anzako mopitirira muyeso, nawenso usamakwiye msanga. Inu onjezani awiri okha: dzina la mwana kapena malikisi ake asalembedwe, ndipo pepala la mayeso amene sanalembedwe lisaonekemo, ngakhale wina atati walitola panjira.

Tibwere ku chida. Ngati ambiri mwa inu ali ndi foni za Android ndipo netiweki imapezeka ngakhale kamodzi pa tsiku, yambani ndi Google Groups. Ndi yaulere, imayenda ndi imelo, mutu uliwonse umakhala pawokha, ndipo zakale zimasungidwa n'kufufuzika. Ubwino wake wina ndi wakuti pa Gmail munthu akhoza kuwerenga makalata amene atsika kale, kulemba yankho alibe netiweki, yankholo n'kudzapita lokha akafika pomwe pali netiweki. Ndi zomwe ankachita a BBS: ankakopera mauthenga mu phukusi limodzi, n'kudula lamya, kuwerenga ndi kuyankha mosathamanga, kenako n'kuimbanso kuti atumize. Telegram nayo kuyambira 2022 imalola kugawa gulu m'mitu, ndipo wolowa mochedwa akhoza kuona zakale, koma funsani kaye ngati bandulo yotchipa imene anzanu amagula imaitsegula. Ikakhala ya WhatsApp yokha, theka la anthu mudzawasiya m'mbuyo.

Ngati netiweki ndi yovuta kwenikweni, ganizirani za MoodleBox. Ndi Moodle, pulogalamu yoikamo maphunziro ndi zokambirana, yoikidwa pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, kamene kamatulutsa wifi yakeyake popanda intaneti, ndipo kamadya magetsi ochepa moti sola yaing'ono ndi batire zimakwanira. Mukakaika pa sukulu imene mumakumanirana, kapena pa TDC ngati a PEA avomera, aliyense wofika pafupi amalowa ndi foni, kutsitsa zatsopano ndi kusiya zake. Pulogalamu ya Moodle ya pafoni imalola kulemba yankho uli kunyumba, n'kudzalitumiza ukalumikizananso. Koma dziwiranitu kuti mabokosi awiri oikidwa pa sukulu ziwiri sapatsirana mauthenga okha monga ankachitira makompyuta a FidoNet. Choncho ndi njira ya anthu okumana malo amodzi pafupipafupi, ndipo pamafunika munthu mmodzi wosaopa kukonza kakasokonezeka ndi kusunga kope la zonse pa fulashi.

Kanthu kena kakang'ono: limbikitsani kulemba mawu osati kujambula mawu kapena kutumiza zithunzi za bolodi. Voice note ya mphindi zisanu siifufuzika, ndipo imadya bandulo ya mnzanu amene akudikira malipiro. Pa masamu chithunzi nthawi zina n'chosapeweka, chabwino, koma pamwamba pake palembedwe kalasi, mutu ndi funso.

Musayambe ndi zipinda zambiri. Zitatu zakwana: masamu, sayansi, ndi chimodzi chobwereketsa. Musanaitane gulu lonse, pemphani anzanu anayi kapena asanu aikemo zinthu zogwirika, monga sikimu ya teremu ino, mafunso a MSCE a zaka zapitazi pamodzi ndi kasovedwe kake, ndi funso limodzi lenileni limene wina wakanika nalo m'kalasi sabata ino. Mukatero ikani linki pa WhatsApp, ndipo wina akadzafunsa za ntchito kumeneko, muyankheni kuti yankho lake mwaliika uko.