Funsani za Baibulo: Zija za kubwezeredwa ka 100 zili kuti?

FUNSO

Aphunzitsi moni. Ine ndine mayi wa ana atatu ndipo ndakhala m'chipembedzo zaka zambiri ndithu. Chaka chatha kutchalitchi kwathu kunabwera mlaliki wina, anawerenga Maliko 10 nkutiuza kuti pamenepo pali mawu a Chigiriki otanthauza kuti chilichonse ukapereka kwa Mulungu chimakubwerera ka 100, nde ine mtima unatentha ndinatenga ndalama zomwe ndimasungira fizi ya mwana nkukapereka zonse. Mpaka lero palibe chabwera, mwana ali pakhomo. Kodi chikhulupiriro changa ndi chochepa, kapena mawuwo sakutanthauza zimenezo? Ndithandizeni, usiku sindigona.

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza, chifukwa munapereka ndi mtima wonse koma pano mukudziimba mlandu nokha.

Mawuwo alikodi, mlaliki uja sanapeke. Pa Maliko 10:30 pali mawu oti hekatontaplasiona, ochokera ku hekaton kutanthauza 100, ndi plasion kutanthauza kuchulukitsa. Luka pofotokoza nkhani yomweyo pa 18:30 analemba pollaplasiona, kutanthauza kuti kambirimbiri, osatchula nambala. Pa Mateyu 19:29 mipukutu yakale yambiri ili ndi 100, koma Codex Vaticanus wa m'zaka za m'ma 300 ali ndi kambirimbiri uja, ndipo mpukutu wina wotchedwa Codex Bezae pa Luka pomwepaja uli ndi ka 7. Ine zimenezi zimandiuza kuti akhristu oyamba sanatenge 100 ngati masamu oti munthu akhale ndi kakyuleta nkumawerengera, amamva kuti Yesu akunena zochuluka zosasimbika basi.

Tsopano tsegulani Baibulo lanu tiwerengere limodzi vesi yonse, osangodumphira pa nambala. Mwini chuma wina amene Yesu anamuuza kuti agulitse zonse nkupatsa osauka atachoka ali wachisoni, Petro anati ife tasiya zonse nkukutsatirani. Yesu poyankha anatchula zomwe munthu amasiya: nyumba, abale, alongo, amayi, abambo, ana, minda, chifukwa cha iye ndi chifukwa cha Uthenga Wabwino. Kenako anatchula zomwe adzalandire nthawi ino: nyumba, abale, alongo, amayi, ana, minda. Ndalama palibepo mayi, onani bwino. Nanga amayi 100 munthu angawalandire bwanji ku banki? Apa mpamene pali nkhani yonse. Nthawi imeneyo munthu akatsata Yesu ambiri amakanidwa ndi a kwawo, amachotsedwa m'sunagoge, nde Yesu akuwauza kuti ukataya khomo limodzi chifukwa cha ine upeza makomo ambiri otseguka, ukataya mayi upeza amayi ambiri okutenga ngati mwana wawo. Pa Maliko 3:35 ananena kale kuti wochita chifuniro cha Mulungu ndiye mbale wake, mlongo wake ndi mayi wake. Paulo polonjera Rufo pa Aroma 16:13 akulonjeranso mayi ake a Rufo nkunena kuti ndi mayi akenso, ndipo pa Machitidwe 4:34 timva kuti pakati pawo panalibe wosowa chifukwa okhala ndi minda ndi nyumba amagulitsa nkugawana. Chinthu china chomwe chimandisangalatsa ine, pa mndandanda wachiwiri uja abambo sanabwerezedwe, ndipo omasulira ambiri amati nchifukwa choti m'banja latsopanoli Atate ndi mmodzi yekha.

Ndiye pali timawu tiwiri tomwe olalikira za kufesa mbewu amakonda kutidumpha, meta diogmon, pamodzi ndi mazunzo. Tili m'vesi yomweyo ya 30, pakatikati pa lonjezo. Petro amene ananena kuti tasiya zonse ndi yemwe uja pa Machitidwe 3:6 akuuza wolumala kuti siliva ndi golide alibe. Pa Machitidwe 12 Herode anapha Yakobo ndi lupanga nkutsekera Petro m'ndende, koma atatuluka usiku anali ndi kopita, kunyumba kwa Mariya mayi ake a Yohane Maliko komwe anthu ambiri anasonkhana kumupempherera. Ndende ndi khomo lotseguka usiku umodzi womwewo, lonjezo lija linakwaniritsidwa choncho pa iye.

Za chikhulupiriro chanu, ayi sichochepa. Amene analakwa ndi amene anatenga vesi yonena za kusiya zonse chifukwa cha Khristu nkuyisandutsa katapila, ngati kuti Mulungu tikumubwereketsa kuti abweze ndi chiwongoladzanja. Zimandipweteka kwambiri ndikaona mayi ngati inu akugona osagona, mwana ali pakhomo, koma wolalikira uja anapita kale kwina. Onaninso kuti kwa Mateyu nkhaniyi ikangotha pakubwera fanizo la antchito a m'munda wa mpesa m'mutu 20, pomwe woyamba m'mawa ndi wobwera madzulo onse analandira dinari imodzi. Yesu amadziwa kuti mtima wa munthu suchedwa kuyamba kuwerengera. Zomwe munapereka Mulungu anaziona, zimenezo sindikukayika, ndipo moyo wosatha umene uli kumapeto kwa vesiyo sugulidwa ndi chopereka.

Pano chofunika ndi mwana abwerere kusukulu. Pitani kwa abusa anu kapena akulu ampingo, osati mwamanyazi ayi, mukawauze zonse mmene mwandiuzira ine, muwawerengere Maliko 10:30 yemweyo nkuwauza kuti abale ndi alongo amene Yesu analonjeza aja ndi iwowo, akuthandizeni kupeza fizi. Mwina ena samadziwa nkomwe zomwe zinachitika. Ndipo tsiku lina wina akadzabweranso ndi uthenga wotere, kumbukirani 2 Akorinto 8:12 ndi 13 pomwe Paulo akuti chopereka chimalandiridwa malinga ndi zomwe munthu ali nazo, osati kuti ena apeze bwino inu nkutsala pamavuto. Mudzandilemberenso mwana akayamba sukulu, ndikufuna kudzamva.