Amayi, antivirus yekha sangatseke pamene mndandanda wanu ukutulukira

Amayi, funso limene mwalemba pa gulu pano ndaliwerenga kawiri. Mwati alimi a thonje a m'kopaletivi yanu ku Ngabu akuimbiridwa mafoni ndi anthu achilendo odziwa dzina la mlimi, mudzi wake, ngakhale makilogalamu amene anagulitsa, kenako n'kumuuza kuti atumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti malipiro ake atuluke. Ndiye mukufunsa ngati kugula antivirus, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavayirasi, kungathetse vutoli. Mugule ndithu, ndi wofunika. Koma zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti mndandanda wa mamembala anu uli kale m'manja mwa akathyali, ndipo nthawi zambiri sutuluka chifukwa cha vayirasi ayi. Umatuluka ndi munthu, mwina mwadala, mwina mosadziwa.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta a maofesi ang'onoang'ono kuyambira pa Dyeratu, Nchalo mpaka ku Bangula. Tsiku lina ndinalowa pamalo ena ofotokopera mapepala kuti ndisindikize risiti yanga. Mnyamata wa pamenepo atatsegula kompyuta, maso anga anagwera pa fayilo ya Excel yolembedwa kuti malipiro, ili pakati pa makadi a ukwati ndi makalata ofunsira ntchito a anthu ena. Inali ya bungwe lina limene ndimalithandiza. Mayina, manambala a foni, manambala a ziphaso za unzika, ndalama za aliyense, zonse zili mbee. Kalaliki wawo anabwera nayo pa fulashi tsiku limene pulinta ya ku ofesi inatha inki, mnyamatayo n'kuikopera pa kompyuta yake kuti isindikizike msanga, basi n'kuiwalika pomwepo. Panalibe wohaka aliyense. Mtima unandiwawa chifukwa m'fayilomo munali mayina a azimayi okalamba amene ndimawadziwa, oti akamva munthu akuwatchula dzina ndi mudzi pafoni amangokhulupirira.

Choncho musanagule kanthu, khalani pansi ndi komiti yanu mufunsane kuti fayiloyi ili kuti ndi kuti. Pa laputopu ya ndani? Inatumizidwapo pa gulu la WhatsApp? Ili pa mafulashi angati? Mapepala akale osindikiza amapita kuti, amawotchedwa kapena amakathera kumsika kokulungira matemba? Mudzadabwa malo amene mudzaipeze.

Kenako nkhani ya pasiwedi. Maofesi ambiri kuno amakhala ndi imodzi yokha, yodziwa manijala, kalaliki, mwana wa pa attachment, ngakhale uja anachotsedwa ntchito chaka chatha, ndipo imamatidwa pa kapepala pansi pa kiyibodi. Zikatero, chinthu chikasowa simungadziwe amene anachigwira, ndipo aliyense amasanduka woganiziridwa, ngakhale osalakwa. Aliyense akhale ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake yaitali, ndipo aziona zokhazo zokhudza ntchito yake. Wolemba masikelo alibe chifukwa choonera manambala a ziphaso. Munthu akasiya ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo pamodzi ndi kulandira makiyi a ofesi. Ndikudziwa kuti izi zimavuta pakati pa anthu odziwana, ena ndi achibale, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. N'chifukwa chake likhale lamulo la bungwe lokhudza aliyense, kuyambira wapampando, kuti wina asamve ngati mwamuloza chala.

Pa imelo ndi pa WhatsApp yatsani two-step verification, chitetezo chachiwiri chimene chimafuna nambala ina yachinsinsi munthu asanalowe mu akaunti. Nambala ya madijiti 6 imene imabwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Layini ya ofesi ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pamene mafoni a anzanu akugwira bwinobwino, musadikire mawa, thamangani ku shopu ya kampaniyo ndipo dziwitsani banki, chifukwa n'kutheka kuti wina watulutsa SIM ina pa nambala yanu. Ndipo imelo ikabwera yoti kampani yogula thonje kapena yogulitsa mankhwala yasintha akaunti ya ku banki, imbani pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa mu imeloyo. Ndalama zisamatuluke ndi chilolezo cha munthu mmodzi.

Mwafunsa za kuteteza, koma kuzindikira msanga n'kofunika chimodzimodzi. Ife a kuchigwa timadziwa kuti Shire kapena Mwanza akamadzaza, amene amapulumutsa katundu ndi amene amayang'ana madzi tsiku ndi tsiku. Musankhe munthu mmodzi woti m'mawa uliwonse aziyerekeza zotuluka ku banki ndi pafoni ndi zimene zili m'buku. Sabata iliyonse atsegule Linked devices pa WhatsApp, pamene pamaoneka zida zolumikizidwa ku akauntiyo, aonenso mndandanda wa mafoni ndi makompyuta amene alowa mu Gmail ya ofesi. Akaona chida chosachidziwa, kapena kulowa kwa usiku pakati, achichotse n'kusintha pasiwedi. Chinanso, wantchito akabwera n'kunena kuti wadina linki yokayikitsa, musamukalipire. Mukamukalipira, wotsatira adzabisa, ndipo mudzamva patatha mwezi ndalama zitapita.

Tsopano za vayirasi zija. Woopsa kwambiri ndi ransomware, amene amatseka mafayilo onse n'kufuna dipo. Si nkhani ya kunja kokha. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti ahakidwa ndipo ohakawo akufuna ndalama, anthu n'kukhala milungu ingapo osalandira mapasipoti. Mu May 2017 wina wotchedwa WannaCry anasokoneza zipatala ku Britain, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale update, zokonza pulogalamu, yotseka mpata umene vayirasiyo ankalowera mu March chaka chomwecho, koma ambiri sanaiike. Ife timazimitsa ma update pofuna kusunga bandulo, ndipo ndikumvetsa, data ndi yodula. Komabe ikani ndalama yake mu bajeti. Windows 7 inasiya kulandira ma update mu January 2020, moti ngati kompyuta yosunga mamembala ikadali pamenepo, isinthidwe. Mapulogalamu opanda laisensi aja amene anyamata amaika ndi fulashi asalowemo, ndipo ana asamaonerepo mafilimu.

Backup, kutanthauza kusunga kope ina ya mafayilo anu, ndiye musazengereze nayo. Namondwe Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa kuti hard drive yosungidwa mu kabati ya ofesi yomweyo imamira limodzi ndi kompyuta. Mukhale ndi makope atatu: ya pa kompyuta, ina pa hard drive yokhala ndi pasiwedi imene mukamaliza kukopera mumaizula n'kukaisunga kumtunda, ndi ina pa intaneti. Kamodzi pamwezi yesani kutsegula fayilo imodzi kuchokera pa backup. Ndinaonapo anthu akulira atapeza kuti chimene ankasunga chaka chonse sichitseguka.

Pa zimene zachitika kalezi, kanenani ku polisi ndi manambala onse amene akuimbira alimi. Tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, komanso Data Protection Act la 2024 limene limapatsa bungwe ngati lanu udindo wosamala mbiri za anthu, ndipo MACRA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti, ndi imene imayang'anira zimenezi, choncho adziwitseninso. Koma sabata ino yomwe itanani atsogoleri a makalabu, mudutsenso kwa mafumu ndi m'matchalitchi, alimi amve kuchokera pakamwa panu kuti kopaletivi siitanitsa ndalama kapena PIN pafoni, ndipo muwapatse nambala imodzi yokha yofunsira. Musawabisire kuti mndandanda unatuluka.

Wina m'munsimu wakupemphani kuti mutumize chithunzi cha fayiloyo pa gulu pano kuti akuthandizeni. Chonde musatumize, Amayi, pano tilipo ambiri ndipo sitidziwana tonse.