Netrin-1: imakoka mitsempha kapena imaikankha?

Mwafunsa chifukwa chake ena amati puloteni ya netrin-1 imakoka mitsempha yonyamula mauthenga (ma nerve) yomwe ikukula, pomwe ena amati imaikankha. Onsewo sakunama.

Puloteniyi imapangidwa motsatira jini (malangizo achibadwa a m'maselo) ya NTN1, yomwe ili pa chromosome (kachingwe kosunga majini) 17, ndipo maselo amaitulutsa kunja. Nsonga ya mtsempha imaizindikira ndi zolandirira zake. Nsongayo ikakhala ndi cholandirira chotchedwa DCC chokha, imalondola netrin-1. Ikakhala ndi china chotchedwa UNC5, imatembenuka n'kuithawa. Ndiye musayang'ane puloteni yokhayo ayi, yang'anani cholandirira.

Gulu la wasayansi Marc Tessier-Lavigne linaipeza mu 1994 mu ubongo wa anapiye akadali m'dzira. Poyamba ankati imafalikira kuchokera patali n'kumaitana mitsempha, koma kafukufuku wa 2017 anaonetsa kuti yofunika kwambiri ndi yomwe imamatirira panjira pomwe mtsemphawo ukudutsa. Mabuku ena akale sanakonzebe mfundoyi.

Mbewa zopanda netrin-1 zimabadwa zopanda corpus callosum, mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ubongo. Mwa anthu, NTN1 kapena DCC ikalakwika, mitsempha yolamulira manja siwolokera bwino mbali inayo, choncho dzanja lamanja likamalemba, zala zakumanzere nazo zimasuntha zokha.