Akuti tiwasiyitse kemo, tipite nawo kuphiri

Achemwali a ku Dwangwa, imelo yanu ndaiwerenga katatu ndipo yakhala masiku anayi osayankhidwa. Mpata unalipo, koma ndimati ndikakhala pansi kuti ndilembe, ndimapezeka ndili kumudzi kwathu ku Khombedza, pansi pa mtengo wa mango, m'chaka cha 2019.

Mwalemba kuti bambo akunyumba awapeza ndi khansa ya m'matumbo, alandira kemo, mankhwala olimbana ndi khansa aja, kawiri ku Lilongwe, ndipo afooka kuposa kale. Akuchimuna akuti muwasiyitse mankhwala mupite nawo ku mapemphero, ndiye mukufunsa ngati kukana kwanu kuli kusowa chikhulupiriro. Ndiyankha. Koma pali chinthu chimodzi chandibaya m'kalata yanuyi. Mwandiuza zomwe anena amalume awo, zomwe anena apongozi anu, zomwe anena alamu anu a ku Joni pa WhatsApp. Zomwe akufuna eni ake odwalawo simunalembe, ngakhale mzere umodzi. Sindikukudzudzulani. Ndazindikira msanga chifukwa ndi zomwe ndinachita ine kwa amayi anga.

Amayi anamva kambulu m'bere lakumanzere nthawi yokolola, koma anakhala chete miyezi yambiri poti sikankapweteka. Matendawa amanyenga choncho, poyamba nthawi zambiri sawawa. Anandiuza ataona kuti nsonga ya bere yalowa mkati. Pa chipatala cha boma kuno ku Salima anatipatsa kalata yopita ku Kamuzu Central, kumeneko anadula kanyama kokapima, ndipo tsiku la zotsatira adokotala anafotokoza zonse ine ndili pomwepo. Amayi anangoti zii, maso ali pansi. Titatuluka anandigwira mkono n'kufunsa kuti, "Kodi akuti chiyani, mwanawe?" Ine ndinati, "Akuti ndi chotupa chabe, amayi, achotsa." Bodza limenelo ndinaliyamba ndine, pakhonde la chipatala, ndipo abale onse anangolilandira.

Bere anachotsadi. Kenako inayamba kemo, maulendo asanu ndi limodzi, pakatipa masabata atatuatatu. Amene sanadwazikepo amaganiza kuti ndi kungopita kukalandira dripi. Timalawirira m'bandakucha, kukwera minibasi pa Kamuzu Road, makilomita pafupifupi 100, kukwera zitunda za ku Mvera, amayi atatsamira paphewa langa. Kufika uko amayamba apima magazi, chifukwa kemo imapha maselo amene amachulukana msanga, a khansa pamodzi ndi abwino omwe: a tsitsi, a m'kamwa, ndi asilikali a m'magazi. Asilikaliwo akachepa kwambiri amakubwezani kuti mudzabwere sabata yamawa, thiransipoti yapita. Mankhwala ena anali ofiira, ndipo mkodzo unkatuluka wofiira tsiku limenelo. Anamwino anali atatichenjeza, komabe amayi anachita mantha. Masiku otsatira kunali mseru ndi kusanza. Munthu amene wadya usipa moyo wake wonse sankafuna ngakhale fungo lake, moti ndiwo tinkakaphikira kwa aneba. Sabata yachitatu ndinapeza tsitsi pamkeka ngati pamene pameteredwa munthu. Zikhadabo zinada.

Tsono taganizani wachibale amene wabwera kudzazonda. Anawaona amayi akupita kuchipatala akuyenda okha, lero akuwapeza ali lefu, mutu uli mbee. Tawauza tokha kuti chinali chotupa chabe ndipo anachotsa. Angaganize chiyani? Ndithu anena kuti mankhwalawa ndi amene akuwapha. Akuchimuna kwanuwo si anthu oipa, achemwali. Akuona ndi maso, ndipo maso akuwauza kuti munthu akutha.

Atalandira kemo yachitatu, amalume, eni mbumba, anaitanitsa abale. Tinakhala pansi pa mango paja, amuna pamipando, ife pamphasa. Amayi anali gone m'nyumba, zenera lili lotsegula. Tinakambirana za thupi lawo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe analowa kukawafunsa. Ine wophunzira, amene ndinamva ndi makutu anga mawu a adokotala, ndinakhala chete poopa kuti zikadzavuta adzati ndinawapha ndine ndi mankhwala achizungu. Mantha amenewo ndikudziwa kuti inunso muli nawo, mwinanso kuposa ine, poti inu ndinu mkazi chabe pamaso pa abale awo.

Tinapita nawo kwa mneneri wina amene sindimutchula. Tinagulitsa mbuzi ziwiri. Kunali mafuta, kunali madzi a m'botolo, kunali kusala kudya masiku atatu, munthu amene thupi lake linkafuna phala ola lililonse. Anatiuza kuti titenthe buku la kuchipatala posonyeza kuti takhulupirira. Ine ndinalibisa m'chikwama, pansi pa zitenje. Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene ananena kuti matendawa anaponyedwa ndi munthu wapafupi amene amawagwira thupi. Amene ankawagwira thupi anali amayi aang'ono, mng'ono wawo weniweni, amene ankawasambitsa, kuchapa nsalu zamasanzi, kugona pansi pambali pawo. Anachoka akulira, ndipo ife tinatsala opanda manja amene ankagwira ntchito yaikulu.

Apa ndilankhule mosapsatira. Munthu amene akuuza wodwala khansa kuti ataye mankhwala ndipo asale kudya akuseweretsa moyo wa mnzake, kaya wavala suti yoyera kaya wanyamula Baibulo lalikulu bwanji. Wodwalayo akamwalira, iye sabwera kudzakumba manda. Adzangoti chikhulupiriro chanu chinachepa, cholakwa n'kutsala pa inu ofedwa. Ndine Mkhristu, ndinakulira mu CCAP, ndimavala yunifolomu ya Chigwirizano, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. N'chifukwa chake zimandiwawa dzina lake likamagwiritsidwa ntchito polanda mbuzi za anthu ovutika ndi kudanitsa pachibale.

Tinataya masabata asanu ndi awiri. Anathetsa nkhaniyi ndi amayi eni ake. Usiku wina ndikuwapaka mafuta kumsana anati, "Iwe, bwanji mumakambirana za ine panja ngati ndafa kale?" Ndinasowa poyambira. Anapitiriza, "Ndikudziwa kuti ndi khansa. Mayi uja tinagona naye mabedi oyandikana anandiuza zonse, naye anamuchotsa bere. Ndimangokuonani mukundibisira, ndiye ndimati ndisakuvutitseni." Miyezi yonseyo iwo ankatiteteza ife, ife tikuti tikuteteza iwo, aliyense akulira payekha. Ndinawafunsa, koyamba, chimene akufuna. Anakhala chete nthawi yaitali, ine mpaka kuganiza kuti agona. Kenako anati, "Ndikufuna ndikamalize madripi anga. Ndipo ukamutenge mng'ono wanga, ukamupepese."

M'mawa mwake anawauza okha amalume. Mlongo wawo, amene palibe ankamuyankha pamudzi, anangoweramitsa mutu n'kunena kuti, "Ngati mwatero ndinu, ine ndine yani?" Tsiku lobwerera ku Lilongwe ndalama ya minibasi anapereka ndi iwowo.

Abusa athu atabwera sanatikalipire. Anatikumbutsa za mfumu Hezekiya, pa 2 Mafumu 20. Anadwala, analira kwa Mulungu, anamuonjezera zaka 15, koma mneneri Yesaya yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu aziike pachotupacho. Pemphero linayankhidwa ndipo mankhwala anaikidwa, m'mutu umodzi womwewo. Ndime imeneyo ndinaiwerengapo kambirimbiri koma za nkhuyuzo ndinali ndisanazione. Kuyambira pamenepo amayi ankati akakhala pampando wa dripi, amayamba aika dzanja pabotolo n'kupemphera chamumtima. Chikhulupiriro chimene chinatinyamula ife chinali cha amayi a Chigwirizano amene anagawana masiku, wina kubwera ndi nkhuni, wina kutunga madzi, wina kukhala ndi wodwala kuti ine ndigoneko maola awiri. Ndi mayi wina wachisilamu woyandikana nafe, amene ataona kuti nsima sikulowa chifukwa cha zilonda za m'kamwa, ankabweretsa phala la mpunga wa ku Lifuwu m'mawa uliwonse, n'kunena kuti akuwapempherera nawo kumzikiti.

Ndinenepo za kuzonda, poti zinanditopetsa. Anthu amabwera khumi, kukhala pakhonde tsiku lonse, wodwazika yemwe sanagone n'kumapalasa moto kuwaphikira. Wina ali ndi chifuwa koma akufuna alowe mpaka kuchipinda, pamene munthu wa pa kemo chitetezo chake chatsika moti chimfine cha wina chitha kumugonetsa m'chipatala. Aliyense abwera ndi mankhwala ake: uyu masamba, uyu mizu, uyu ufa wa m'paketi wodula ngati feteleza. Ukakana akuti ndiwe wamwano. Kuzonda ndi mwambo wabwino ndipo sindikufuna uthe, koma wozonda azibwera ndi sopo kapena ufa, afunse ntchito yoti agwire, akhale pang'ono, azipita.

Amayi anamaliza kemo. Tsitsi linamera, lofewa ngati la khanda. Analima nyengo ziwiri, anaona mdzukulu wawo akubatizidwa. M'chaka cha 2022 matenda anabwerera m'mafupa a msana. Adokotala sanandiloze chala pa za masabata aja, koma ine funsolo ndimagona nalo mpaka lero. Nthawi imeneyo makina owotcha khansa munalibe m'dziko muno, ofunika thandizolo ankayembekeza ulendo wa ku India kapena ku Tanzania. Lero zasintha, chipatala cha khansa cha ku Lilongwe chinatsegulidwa ndi makinawo m'chaka cha 2025, ndipo ndikamva anthu akuthawa thandizo limene ena anafa akulidikira, mtima umandiwawa.

Miyezi yomaliza tinathandizidwa ndi a Ndi Moyo kuno ku Salima, malo osamalira odwala matenda osachiritsika amene anayambitsa namwino wa konkuno, mayi Lucy Finch, m'chaka cha 2007. Ndi kumene ndinaphunzira kuti ululu si chinthu choti munthu azingopirira. Anatipatsa mofini wamadzi, womwa maola anayi aliwonse. Abale ena anayambanso, akuti amenewo ndi mankhwala otsanzikira, amafulumizitsa imfa. Si zoona. Akaperekedwa pa mlingo wake amachotsa ululu, munthu n'kumadya, kucheza, kupemphera. Vuto lake ndi kudzimbidwa, ndiye pamakhala mankhwala ofewetsa m'mimba, ifenso mapapaya sankasowa pakhomo. Ulendo uno palibe anakambirana panja. Zonse zinkanenedwa m'chipinda mwawo, iwo akumva, ndipo anasankha okha nyimbo za pamaliro awo. Anatisiya m'manja mwa mng'ono wawo uja.

Amayi amene mukuwerenga, pitani mukayezetse khomo la chiberekero, ndi zaulere m'zipatala za boma ndipo sizitenga nthawi. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Katemera wa HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansa imeneyi, anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, musawabise ana. Kambulu ka m'bere kosapweteka musakadikire.

Tsono inu achemwali a ku Dwangwa muchite chiyani

Kukana kuwasiyitsa mankhwala si kusowa chikhulupiriro. Koma nkhondoyi musaimenye nokha m'dzina lawo. Usiku uno, anthu akabalalika, khalani nawo awiri muwafunse zomwe akudziwa ndi zomwe akufuna. Ulendo wotsatira wa ku Lilongwe mutenge amalume awowo, akamve okha kwa adokotala, ndipo mukafunse mosazungulira ngati kemoyi cholinga chake ndi kuchiza kapena kuchepetsa matenda, komanso yatsala kangati. Mukawauze adokotala za kufookako, pali mankhwala a mseru ndipo mlingo amatha kusintha. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akamanjenjemera, thamangirani kuchipatala chapafupi usiku womwewo ndi buku lawo, musadikire kuche. Asasale kudya, ofuna kusala asale m'malo mwawo. Mankhwala azitsamba asamwe adokotala osadziwa. Abusa abwere kunyumba, mapemphero achitike ngakhale tsiku lililonse. Alamu a ku Joni muwapatse ntchito ya thiransipoti, alongo awo agawane nanu masiku ogonera. Pa chipatala cha boma ku Nkhotakota funsani anamwino osamalira odwala matenda okhalitsa, sikuti amathandiza okhawo amene atsala pang'ono.

Mwina bambowo, atamva zonse, adzati atopa ndipo sakufunanso dripi. Zikatero zidzakuwawani, koma akakhala kuti anena okha, akudziwa chimene akusiya, mupite nawo akawauze adokotala, thandizo la ululu lipitirire. Mwinanso adzanena zomwe ananena amayi anga. Mukawafunsa musafulumire kuwayankhira, ngakhale atakhala chete mpaka nkhuku kulira. Buku lawo la kuchipatala sungani inuyo, pamalo podziwa nokha, ndipo mundilemberenso mukabwerako ku kemo yachitatu.