Pa backup musadulepo, ndalama zikafuneni pa bilu ya IBM

Achimwene, bajeti ya makompyuta ikafinyika, backup (makope a deta osungidwa padera) isiyeni momwe ilili. Pofunika kuyang'ana ndi bilu ya mapulogalamu. Pa mainframe (kompyuta yaikulu ya IBM) yoyendera z/OS, malipiro a pamwezi nthawi zambiri amatengera avereji ya maola 4 otsatizana imene makina anatanganidwa kwambiri m'mweziwo. Ndiye ntchito zikuluzikulu za batch (zimene makina amachita okha pamulu), monga kukonza malipiro a ogwira ntchito, zisunthireni usiku kuti zisamagundane ndi nthawi imene makasitomala ali pamzere. Ntchito zina za Db2 (pulogalamu yosunga deta) ndi za mapulogalamu olembedwa mu Java zimatha kuyenda pa purosesa yapadera yotchedwa zIIP, yomwe siwerengeredwa pa bilu imeneyi.

Matepi akadali njira yotchipa yosungira deta yambiri. Khalani ndi makope 3, limodzi lizisungidwa kunyumba ina, kutali ndi makinawo. Koma chimene ndimalimbikira kwambiri ndi kuyesa kubwezeretsa deta. Kumene ndinkagwira ntchito kale, matepi ankalembedwa usiku uliwonse, lipoti n'kumanena kuti zonse zili bwino. Disiki itafa m'pamene zinadziwika kuti catalog, kaundula wosonyeza zimene zili pa tepi iliyonse, inali pa disiki yomweyo. Matepi anali ndandanda pashelefu, koma kuti tepi iti ili ndi chiyani, palibe ankadziwa.

Musanaike soft capping (malire a mphamvu imene makina angagwiritse ntchito, oikidwa pofuna kuchepetsa bilu), itanani systems programmer wodziwa bwino WLM, mbali ya z/OS imene imagawa mphamvu ya makina ku ntchito zosiyanasiyana. Malire akathina kwambiri, ntchito za pakauntala zimayamba kukwawa. Za kontrakiti kambiranani ndi a IBM kapena amene anakugulitsani makinawo.